Madzi Saiwala Khwawa: Tsiku Limodzi M'nkhalango ya Dzalanyama

Mwana wobadwira ku Mpondasi, ku Malindi, ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota safunsa kumene madzi amachokera. Akadzuka m'mawa amawaona, ndipo akafuna kusamba amangotsetserekera kugombe. Koma mdzukulu wanu amene akukulira ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo kapena ku Mgona mumzinda wa Lilongwe ali ndi yankho lina. Mukamufunsa adzakuuzani kuti madzi amachokera pampopi, ndipo makala amachokera panjinga.

Ana ambiri amene timaphunzitsa m'madrasa a mumzinda uno ndi anu omwe, abale ndi alongo a kunyanja. Makolo awo adabwera kuno kudzasoka zovala, kudzagulitsa nsomba, kudzayendetsa maminibasi ndi kudzagwira ntchito m'maofesi. Tikafika pa mutu wa twahara timawawerengera mitundu ya madzi oyera oyeretsa: amvula, amumtsinje, apakasupe, apachitsime ndi am'nyanja. Iwo amaloweza bwino lomwe, mayeso n'kukhoza. Komatu pakati pawo alipo ambiri amene kasupe sadamuonepo ndi maso. N'chifukwa chake ife aphunzitsi a madrasa angapo a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23 ndi Area 25 tidagwirizana zotenga ophunzira athu okulirapo kuti akaone kumene madzi a wudhu wawo amabadwira. Malowo ndi nkhalango ya Dzalanyama.

Nkhokwe ya madzi a likulu

Dzalanyama ndi mndandanda wa mapiri umene uli kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 60, m'malire a dziko lino ndi chigawo cha Tete cha ku Mozambique. Boma la atsamunda lidakhazikitsa malowa kukhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1922. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000, ndipo imakhudza maboma a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji. Dzina lokhalo likuchitira umboni kuti kale kudali kodzala ndi nyama.

M'mapiri amenewa ndimo mumachokera mtsinje wa Lilongwe ndi wa Diamphwe. Pa mtsinje wa Lilongwe, cha ku Malingunde, pali madamu awiri a Kamuzu. Loyamba lidamangidwa mu 1966 ndipo lachiwiri mu 1989. Madzi ambiri a m'mipopi ya mumzinda uno amadalira madamu amenewa. Pamene likulu linkasamuka ku Zomba mu 1975, Lilongwe idali tauni yocheperapo, koma kalembera wa 2018 adapezamo anthu pafupifupi 990,000. Onsewa amafuna madzi, ndipo ochuluka a iwo amaphikira makala. Vuto lagona pakuti madziwo ndi makala ambiriwo amachokera kumalo amodzi.

Kwa abale athu Achewa mapiri amenewa ali ndi mbiri yakale. Kumeneko ndi kumene kuli Kaphirintiwa, thanthwe limene makolo awo ankati anthu oyamba adapondapo, komanso kachisi wa ku Msinja kumene ankapempherera mvula. Ife Asilamu tikudziwa kuti chiyambi cha munthu ndi Adam ndi Hawa, ndipo mvula timaipempha kwa Allah yekha. Komabe tidauza ana athu kuti akafika kumalo kwa eni ayende mwaulemu, ndiponso aone kuti anthu akale adazindikira kuti phiri, mitengo ndi mvula zimayendera limodzi.

Kunyamuka

Tidasankha Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, nyengo imene dzuwa limaswa mtengo. Tidalipo anthu 26: anyamata 12, atsikana 8, aphunzitsi anayi ndi amayi awiri oyang'anira atsikana. Titaswali Fajr pamodzi tidakwera basi yaing'ono ya hayala, n'kulowera msewu wa ku Likuni.

Tisanamalize n'komwe Chinsapo tidayamba kukumana ndi njinga. Iliyonse idanyamula matumba awiri kapena atatu a makala, omangidwa mosanjikiza kupitirira mutu wa mwini wake. Ena ankapalasa, ena ankangokankha, thukuta lili kamukamu ngakhale kudali kusanache bwino. Tidauza ana kuti aziwerenga njingazo. Adawerenga mpaka adalekeza okha atatopa, koma mzerewo sudathe kufikira tidasiya tala n'kulowa msewu wafumbi.

Tili m'njira mtsikana wina wa ku Area 23 adafunsa kuti, "Mwalimu, poti lero tili paulendo, kodi Dhuhr tikaswali marakaa awiri?" Funso lidali labwino. Tidamuyankha kuti malinga ndi madhhab a Imam Shafi, amene Asilamu ambiri kuno timatsatira, ulendo wololeza kufupikitsa swala uyenera kukwana makilomita pafupifupi 81 popita pokha. Wathuwu sudafike pamenepo, choncho swala zonse tikaswali zokwanira, iliyonse pa nthawi yake.

M'chigwa chamoyo

Cha m'ma 7 koloko tidafika, ndipo mlonda wa zankhalango amene tidapangana naye kale adatitsogolera. Chinthu choyamba chimene chidadabwitsa ana ndi mtundu wa masamba. Mvula idali isanagwe ngakhale dontho, udzu udali gwaa, koma mitengo idali itavala masamba anthete, ena ofiira, ena ofiirira, ena obiriwira kumene. Mlondayo adafotokoza kuti mitengo ya mtundu wa miombo imaphukira mvula ili pafupi kubwera, pogwiritsa ntchito chinyezi chimene mizu yake yaitali imakoka pansi penipeni. Adationetsa mombo wa luzi lolimba, tsamba, mchenga, muwanga wogonjetsa chiswe, ndi mlombwa umene ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Misuku idali itabereka, ndipo adatiloleza kutola masuku ogwa okha.

Nyenje zinkalira mogonthetsa m'khutu. Anyani adatikuwa ali pamwamba pa thanthwe, ndipo penapake tidamva gogomole akugogoda mtengo wouma. Nkhalangoyi ndi yotchuka kwa anthu okonda kuona mbalame, ena ochokera kunja kwa dziko lino, chifukwa muli mitundu ina yosowa kwina. Koma nyama zikuluzikulu zimene zidapatsa malowa dzina sitidazione.

Titayenda maola awiri, njira idatsetserekera m'chigwembe chopanikizika. Mbali zonse ziwiri kudali matanthwe aatali kuposa mnara wa mzikiti, ndipo tidatsika mmodzimmodzi, wamkulu kugwira dzanja la wamng'ono. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Tidangoti tafika pansi, kutentha konse kudatsala kumtunda. Mudali mphepo yozizira ndi mthunzi wa mikuyu, katope ndi mbawa, ndipo pakati pa miyala pankayenda kamtsinje ka madzi oyera mbee.

Tidakatsata kamtsinjeko chokwera mpaka pamene kadathera. Pamenepo madzi ankatumphuka mwakachetechete pansi pa mwala, mchenga ukuvinavina. Ana adazungulira, onse zii. Kenaka mnyamata wina wa ku Mgona adati, "Mwalimu, nanga paipi yake yadzera pati?" Anzake adaseka, koma ife tidaona kuti ulendo wathu wapindula pa funso lomwelo.

Mlonda uja adafukula masamba ofota ndi chikwanje chake, n'kutionetsa dothi lakuda lonyowa. Adati mvula ikagwa pankhalango, nthambi zimaichepetsa mphamvu, masamba ogwa amaigwira ngati chinkhupule, ndipo mizu imaitsegulira njira yolowera pansi. Madziwo amayenda pang'onopang'ono m'ming'alu ya miyala, n'kudzatulukira pakasupe patapita miyezi. Ndiye kuti madzi amene tinkamwa mu Okutobala ndi mvula ya m'dzinja imene mitengo idatisungira. Damu la simenti limasunga madzi amene lalandira, koma damu loyamba ndi nkhalango, ndipo Mmisiri wake ndi Allah Subhanahu Wataala.

Swala pathanthwe

Dzuwa litalunjika m'chigwembemo tidazika kamtengo pamchenga. M'mwezi umenewu dzuwa limadutsa pafupifupi paliwombo penipeni, choncho chithunzithunzi cha kamtengoko chidafupika mpaka kutsala pang'ono kusowa. Nthawi itangopitirira pang'ono hafu koloko ya 11, chidayamba kutalikira chakum'mawa. Ana adaona ndi maso awo chimene adachiloweza m'kalasi, kuti Dhuhr imalowa dzuwa likapendeka. Qibla nayo tidaipeza popanda foni. Kuchokera kuno kwathu Kaaba ili kumpoto, kupendekera pang'ono chakum'mawa, ndipo amene waika dzanja lake lamanja kotulukira dzuwa wayang'ana kale kumpoto.

Pa wudhu tidaika lamulo lakuti aliyense atunge kapu ziwiri zokha, apangire patali ndi kasupe. Mtumiki Muhammad (SAW) ankapanga wudhu ndi muyeso wotchedwa mudd, umene sukwana ngakhale lita imodzi. Ana ena ankakayika, koma onse adakwanitsa, ena madzi n'kutsalako. Tidawakumbutsanso kuti Mtumiki (SAW) adaletsa kudzithandiza pamalo potunga madzi, panjira, ndi pamthunzi pamene anthu amapumulirapo. Malamulo amenewa amaoneka aang'ono m'buku, koma kumunsi kwa kamtsinje kameneka kuli midzi ndi mzinda wathunthu umene ukumwa.

Mnyamata wina wa ku Biwi adachita adhana, ndipo mawu ake adabwerera kuchokera kumatanthwe. Tidaswali pathanthwe losalala, amuna kutsogolo, amayi ndi atsikana pambuyo. Titatha tidadya mbatata, zitumbuwa ndi nthochi, n'kutsitsira thobwa. Mapepala ndi majumbo onse tidawabwezera m'zikwama.

Chipululu chopangidwa ndi nkhwangwa

Pobwerera mlonda adatidutsitsa njira ina, yolowera chakumalire a nkhalango. Tidangokwera chitunda chimodzi, dziko lidasintha ngati tawoloka malire. Mitengo idatha. Kudatsala zitsa zokhazokha, ndi zipsera zakuda zozungulira pamene padali mauvuni a makala. Moto wolusa udali utadutsapo, ndipo phulusa linkauluka ndi kamvuluvulu. Kulira kwa mbalame kudatheratu.

Njira yathu idalowa m'khwawa louma. Zipupa zake zidali za dothi lofiira, zakuya kuposa amuna awiri atasenzana, ndipo mizu yakufa inkalendewera m'mbali. Mchenga unkatentha mpaka kudutsa m'nsapato. Anyamata adakumba ndi manja kufika m'chigongono, koma chinyezi sadachipeze. Mlonda adati ali mnyamata khwawa limeneli linkayenda madzi chaka chonse, ndipo ankagwiramo nkhanu.

Tidayenda m'menemo kwa ola lathunthu. Mabotolo adayamba kupepuka, nthabwala zidatha, ndipo mtsikana wina adamva chizungulire. Amayi aja adamukhazika pamthunzi wa chipupa, adanyowetsa mpango wake n'kumuika pamutu, ndipo adamumwetsa pang'onopang'ono madzi osungunulamo mchere ndi shuga. Patapita kanthawi adatsitsimuka, Alhamdulillah, ndipo anzake adasinthana kumunyamulira chikwama.

Padziko lapansi pali zigwembe za m'chipululu zimene anthu amalipira ndalama zambiri kuti akazione. Chotchuka kwambiri ndi Grand Canyon ku Arizona m'dziko la America, chimene chidakhala malo otetezedwa a boma mu 1919. Mtsinje wa Colorado udachikumba kwa zaka zochuluka zedi mpaka kuya kupitirira kilomita imodzi ndi theka. Kwathu kuno anthu a ku Machinga amadziwa zipilala za dothi za ku Malape, ndipo ku Nsanje kuli mpata wa miyala wa ku Mwabvi. Izo ndi zizindikiro za Mlengi. Koma khwawa limene tinkayendamoli lidakumbika m'zaka zowerengeka chabe, ndipo amene adaliyambitsa ndi manja a anthu. Mitengo ikachoka, mvula imamenya dothi losavala, silowanso pansi, imathamanga pamwamba itanyamula nthaka. M'dzinja kumakhala chigumula, m'chilimwe kumakhala ludzu.

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Ana a ku Kawale ndi ku Biwi adamva msanga tanthauzo lake, popeza makolo awo sadaiwale madzi osefukira a mu Disembala 2017, pamene timitsinje ta m'madera awo tidadzaza mwadzidzidzi n'kulowa m'nyumba za anthu. Tidawakumbutsanso nkhani ya anthu a ku Saba, imene ili m'Sura ya 34 ya Qur'an yolemekezeka. Iwo adali ndi minda yokongola yothiriridwa ndi damu lalikulu la Ma'rib ku Yemen. Atasiya kuthokoza, chigumula chidaphwasula zonse, ndipo m'malo mwa zipatso zokoma mudamera mitengo yowawa. Mabwinja a damulo alipo mpaka lero, m'mphepete mwa chipululu.

Bambo wa panjinga

Titatuluka m'khwawamo tidapeza bambo wina wachikulire akumata chubu cha njinga, matumba ake awiri ali pambali. Ataona mlonda adafuna kuthawa, koma miyendo idali itatopa. Mmodzi wa amayi aja adamupatsa moni nati, "Pepani bambo, imwaniko madzi kaye." Atamwa, lilime lidamasuka. Adati munda wake ndi wochepa, fetereza adakwera mtengo, ndipo ana ake akufuna yunifolomu ndi makope. Makalawo amawakankha usiku wonse kuti akafike m'tauni m'mawa. Mnyamata wathu wina adafunsa mwaulemu kuti, "Agogo, nanga mitengoyi ikatha mudzatani?" Bamboyo adamuyang'ana nati, "Mwana wanga, ine ndikasiya lero, kwanu mawa muphikira chiyani?"

Palibe adayankha. Zimene adakambirana ndi mlonda pambuyo pake zidali za awiriwo, koma funso lake tidabwera nalo kunyumba.

Boma layesa njira zingapo. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso, ndipo mu 2020 zilango zake zidakhwimitsidwa. Mu 2015 asilikali adatumizidwa kukalondera Dzalanyama, ndipo mu 2016 dziko la Japan lidayamba kuthandiza pa ntchito yosamalira nkhalangoyi. Koma malinga ngati mbaula za ku Chinsapo, Kawale ndi Area 25 zikudikira, njinga sizidzasiya kubwera. Chomvetsa chisoni n'chakuti uvuni wadothi umaononga kwambiri. Pa makilogalamu 10 a nkhuni pamatuluka kilogalamu imodzi kapena awiri a makala, zotsalazo zimathera mu utsi ndi phulusa.

Chisilamu ndi malo otetezedwa

Titaswali Asr pafupi ndi basi yathu, tidakhala pansi n'kufunsa ana ngati nkhalango zotetezedwa zidayamba ndi atsamunda. Ambiri adavomera. Tidawauza za hima, malo amene mtsogoleri amawapatula chifukwa cha ubwino wa anthu onse. Mtumiki (SAW) adapatula dera la Naqi, kufupi ndi Madina, kuti likhale msipu wa akavalo a Asilamu, ndiponso adaletsa kudula mitengo m'malire opatulika a Madina. Khalifa Abu Bakr (RA) potumiza asilikali kunkhondo adawalangiza kuti asadule mitengo yazipatso. Ngati nkhwangwa idaletsedwa pankhondo, nanga bwanji pamtendere?

Khalifa Umar (RA) naye adapatula dera la Rabadha. Chopatsa chidwi ndi malangizo amene adapereka kwa mlonda wa malo otetezedwa. Adamulamula kuti achitire chifundo anthu osauka a ziweto zochepa, koma atsekereze ziweto za anthu olemera, popeza wolemera ali ndi pena pothawira pamene wosauka alibe. Apa pali phunziro la masiku ano. Bambo wa panjinga ndi amene amaoneka msanga pamsewu, koma alipo ena amene amanyamula makala pamalole, ndipo ulipo mzinda wonse umene ukugula. Chilungamo cha Chisilamu chimayang'ana onsewa.

Inu a kunyanja nkhani imeneyi si yachilendo kwa inu. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula chaka ndi chaka kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amaona phindu lake chilumbacho chikatsegulidwa. Imeneyo ndi hima ya pamadzi.

Matope a ku Dzalanyama amathera kwanu

Mwina wina wa ku Salima angati nkhalango ya ku Lilongwe ikundikhudza bwanji. Tsatirani madziwo. Mtsinje wa Lilongwe ndi wa Diamphwe imathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amathira m'nyanja ku Salima komweko. Dothi lofiira limene lidachoka m'khwawa lija mbali ina lidakwirira madamu, mbali ina lidatsikira kwanu. Mpasa ndi sanjika zimakwera mitsinje nthawi yoswana, n'kuikira mazira pa timiyala ta pansi pa madzi oyera. Matope akakwirira timiyalato, mazirawo amafa. Chilala cha 2016 chidachititsa kuti madera a mumzinda uno azilandira madzi mosinthana, ndipo boma lidaganiza zopopa madzi kuchokera kunyanja ku Salima, mtunda wopitirira makilomita 100. Phiri likalephera, mzinda umatembenukira kunyanja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chiyembekezo chilipo. Mlonda adationetsa zitsa zimene zidayamba kale kuphukira. Adati mitengo ya miombo ikatetezedwa ku moto, mbuzi ndi nkhwangwa imadzuka yokha kuchokera kumizu. Nafenso tili ndi mbali yathu. Banja likhoza kuchepetsa makala pogwiritsa ntchito chitetezo mbaula, kuvundikira poto, kuviika nyemba zisanaphikidwe, ndi kuphikira gasi kapena magetsi kwa amene angathe. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Mzikiti uliwonse uli ndi ngalande ya madzi a wudhu imene ikhoza kulera mitengo ingapo ya mango kapena nsungwi. Mtumiki (SAW) adatiphunzitsa kuti mtengo umene Msilamu wadzala, munthu, mbalame kapena nyama n'kudyako, umalembedwa kukhala sadaka yake.

Kwa ofuna kuyenda ulendo wotere

Mabanja ndi madrasa a kunyanja muli nawo malo oyandikira, monga mapiri a ku Cape Maclear m'malo otetezedwa a Nyanja ya Malawi amene adakhazikitsidwa mu 1980, ndi nkhalango ya Nkhotakota. Kumbukirani izi:

1. Pemphani chilolezo ku ofesi yoyang'anira malowo, ndipo musalowe popanda mlonda wodziwa njira. Safunsa adadya phula.

2. Nyamukani mukangoswali Fajr kuti gawo lovuta mulidutse dzuwa lisanakwiye, ndipo mutuluke Maghrib isanakwane.

3. M'nyengo yotentha munthu aliyense anyamule malita atatu a madzi, komanso mchere ndi shuga pang'ono.

4. Valani nsapato zotseka ndi zovala zopepuka zophimba thupi. Atsikana akhale ndi amayi owayang'anira.

5. Musalowe m'khwawa kapena m'chigwembe nyengo ya mvula, ngakhale pamene muliripo kuli ngwee. Mvula ya kuphiri imafika mosagogoda.

6. Musayatse moto, musathyole nthambi, ndipo zinyalala zanu mubwerere nazo.

Dziko limeneli Allah adatisungitsa, ndipo wosungitsidwa amadzafunsidwa. Tikupempha Allah kuti atipatse mvula yamadalitso, aisunge mitsinje ndi nyanja yathu, awatsegulire khomo lina la riziki abale athu okankha njinga usiku, ndiponso awapange ana athu kukhala anthu othokoza. Ameen.